Ine, vani ndi ndodo yanga: kuchokera ku Leicester mpaka Blantyre ya ku Scotland

Lolemba, 6 October 2025, pafupi ndi Humber Bridge

Magazi andikoka mmawa uno nde ndamasuka kwa miyezi itatu. Amene mumamwa methotrexate mukudziwa zomwe ndikunena, mankhwala amenewa safuna chibwana, adokotala amafuna aziona chiwindi ndi magazi pafupipafupi, moti maulendo anga onse ndimawayika pakati pa tsiku lokoketsa magazi ndi linzake. Majakisoni anga a adalimumab anafikira kwa achemwali sabata yatha, ndawatenga ndawayika mu kafiliji ka mu vani, pambali pake kathemomita. Amafunika azikhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ndimazibaya ndekha pantchafu kamodzi pa masabata awiri.

Kwa amene mwangoyamba kunditsata, ine ndili ndi nyamakazi yoopsa ija amati rheumatoid arthritis. Inayambira mmanja, kenako mawondo, pano ndi mchiuno momwe. Ndinagwira ntchito ya care zaka zambiri, kunyamula azigogo, kuwasambitsa, mpaka tsiku lina manja anakanika kumanga batani la yunifolomu yanga yomwe. Mu 2023 alandilodi anandipatsa notisi ya Section 21, ija ankakutulutsa nayo mnyumba pa miyezi iwiri popanda kukuuza chomwe walakwa. Nyumbayo inali yapansi. Zomwe ndimapeza za mtengo woti ndingakwanitse zonse zinali za mmwamba, masitepe thoo, ndipo zapansi lendi yake imaposa ndalama yomwe amathandiza nayo pa nyumba. Nde tindalama tomwe ndinasunga ndinagulira Sprinter yakale ya 2013, ya otomatiki chifukwa mwendo wamanzere sungathenso klachi, anyamata akutchalitchi anandikhomera bedi ndi kabati, basi ndinalowamo.

Lero ndadzera A46 mpaka Lincoln, kenako A15. Sindiyendetsa kuposa ola limodzi osaima, chiuno chimauma. Mlatho wa Humber ndauwona dzuwa likupendeka, anautsegula mu 1981 ndipo kwa zaka zoposa 15 unali wautali kuposa milatho yonse yolendewera padziko. Ndaphika nsima ya ufa wachikasu ndi sipinachi wotendera, ndagona msanga.

Lachiwiri, Whitby

Whitby ili ndi masitepe 199 okwera kuchokera mtauni kupita ku mabwinja a abbey paphiri. Aliyense wobwera kuno amajambulitsa pamenepo akuwerenga. Ine ndazungulira ndi vani mseu wakumbuyo mpaka pa car park ya pamwamba penipeni, ndatsika, ndaima ndi ndodo yanga, ndaona zomwe iwo amaona akatha kukwera: doko, timadenga tofiira, nyanja ya North Sea yotuwa ili gwaa. Nyumba ya amonke yoyamba pano inayambitsidwa mu 657 ndipo woitsogolera anali mzimayi, Hilda, amayang'anira amuna ndi akazi omwe. Zinandisangalatsa zimenezo, ndakhala nthawi ndithu pabenchi ndikumuganizira.

Koma tsiku landiwonongekera mtauni masana. Ndapaka pamalo a olumala, ndayika Blue Badge padashibodi, nde bambo wina wachikulire amene amadutsa ndi galu waima nkuyamba kuyang'ana vani, kuyang'ana ine, kenako akuti malo amenewa ndi a anthu olumala osati a anthu apaholide. Ndamuuza kuti baji ndi yanga, chithunzi chili kuseri. Akuti munthu wolumala sangayendetse chigalimoto chachikulu chonchi. Sindinamuyankhenso, ndangotsika pang'onopang'ono mmene ndimatsikira, mwendo umodzi, kupuma, wina, dzanja pachogwirira. Anachokapo osapepesa.

Ndikufuna ndinene izi momveka chifukwa ngakhale abale ena mu inbox amandifunsa zomwezi mwaulemu. Kuyendetsa otomatiki utakhala pampando wofewa ndi kuyenda wapansi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ine mamita 20 ndi nkhondo. Mu vani muno bedi, chitofu, chimbudzi ndi chiwongolero zonse zili mkati mwa masitepe anayi, ndipo paliponse pali pogwira. Mnyumba muja kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini unali ulendo, kupita pa basi sitopu inali nkhani yoyamba kuiganizira dzulo lake, moti ndinatha pafupifupi chaka ndikungoona khoma ndi windo limodzi. Vaniyi ndiye miyendo yanga. Ndalama yomwe ndimalandira mbali ina dzina lake lenileni ndi mobility, ya kayendedwe, nde ndikayenda nayo ndalakwa chani?

Usiku malo ogona avuta. Mmbali mwa nyanja kuno malo ambiri ayika zikwangwani zoletsa ma motorhome usiku, ndipo Blue Badge sikupatsa chilolezo chogona paliponse. Imakulola kupaka pa mizere yachikasu mpaka maola atatu utayika kawotchi kosonyeza nthawi yomwe wapaka, basi. Ndapeza pub ina kumtunda ya mu Brit Stops, malo amene amakulola kugona pa car park yawo, iwe nkugulako chakudya mwaulemu. Ndagula supu.

Lachitatu, pomwepo

Sindinasunthe. Ndadzuka zala zitatupa, mawondo akutentha, kapu ya tiyi kuigwira ndi manja awiri. Mvula ndi chinyezi cha kunyanja mwina, kapena kukwiya kwa dzulo, thupi limasunga zinthu. Kuuma kwa mmawa komwe kumatha pa ola limodzi lero kwafika mpaka 1 koloko.

Tsiku ngati ili vuto lalikulu ndi batire. Filiji imadya magetsi usana ndi usiku, hita ya dizilo nayo imafuna magetsi poyatsa ndi pa fani, ndipo sola mu October kumpoto kuno ingokhala dzina. Batire imadzadza bwino ndikamayendetsa, nde ndikadwala osayenda ndi pamene imatsika, pomwe ndikufuna hita kwambiri. Ndawalembera meseji amayi a pa pub, anatuluka okha ndi chingwe chachitali nkundilumikiza kumagetsi awo, akuti khalani mpaka mupeze bwino. Madzulo anatumiza mtsikana ndi mbale ya mbatata ndi nyemba. Mulungu awadalitse mayi amenewa.

Poti ndangogona, ndiyankhe funso la ndalama lomwe limabwera sabata iliyonse. Ndimalandira ziwiri. Yoyamba ndi PIP, Personal Independence Payment, inayamba mu 2013 kulowa mmalo mwa DLA ya akuluakulu, ndalama yakale ya olumala. Iyi sayang'ana kuti uli ndi ndalama zingati kapena ukugwira ntchito, amayang'ana mmene matenda akukulepheretsera zinthu, ndipo amapereka mapointi: 8 ndi standard, 12 ndi enhanced. Ine mbali ya daily living ndili pa standard, mobility ndili pa enhanced, ndipo pa mitengo ya 2025 ndi £73.90 ndi £77.05 pa sabata. Amalipira pa masabata anayi alionse, nde zimakwana £603.80. Yachiwiri ndi Universal Credit, ya boma yothandiza opeza zochepa, pa mitengo ya 2025 £400.14 pamwezi kuphatikiza £423.27 ya anthu amene anawayeza nkupeza kuti sangagwire ntchito, ija amati LCWRA. Ya nyumba sindilandira poti sindilipira lendi. Universal Credit ndiye imayang'ana zomwe wasunga: ukadutsa £6,000 amayamba kudula, ukadutsa £16,000 palibe chako.

Mukazisintha mu makwacha zikuoneka ngati chuma, ndikudziwa, akumudzi anandiwerengera kale. Koma chotsanipo dizilo wa galimoto ndi wa hita, inshuwalansi, MOT (kuyezetsa galimoto kwa pachaka), gasi, foni ndi data, londile, ma campsite omwe ndimalowa kamodzikamodzi kuti nditaye zamchimbudzi ndi kutchaja, ndi ndalama yomwe ndimabisa mwezi ulionse ya tsiku lomwe giyabokosi idzafe. Galimoto ikalowa mu galaja ine ndilibe nyumba, ndimalipira chipinda. Chomwe sindilipira ndi road tax, a enhanced mobility amatichotsera.

Chinanso, ndipo ichi chofunika kwa inu mwabwera posachedwa pa viza ya care: ngati pa mapepala anu palembedwa no recourse to public funds, PIP ndi Universal Credit sizanu, ndipo kufunsira kungakuwonongereni mapepala. Ine ndinayamba kulandira nditakhala kale ndi indefinite leave, chilolezo chokhala mdziko muno mopanda malire. Musatengere ine musanafunse kwa odziwa malamulo.

Lachinayi, North Shields ndi Tynemouth

Ndapezako bwino. Ndadzera A19 ndi Tyne Tunnel kuti ndisalowe pakati pa Newcastle, kuli Clean Air Zone ndipo mavani akale a dizilo amalipitsa £12.50 patsiku.

North Shields ndinaifuna dala. Kamuzu atamaliza za udokotala ku Edinburgh mu 1941 anagwira ntchito ku Liverpool, kenako kuno, nthawi ya nkhondo yachiwiri, asanapite ku London. Ndapaka pa Fish Quay pomwe mtsinje wa Tyne ukulowa mnyanja, fungo la nsomba, mbalame zikulira, mphepo yobaya mmafupa, ndikumaganiza munthu wochokera ku Kasungu akuyenda timisewu timeneti ndi chikwama cha udokotala kugogoda mmakomo a asodzi. Kusukulu anatiphunzitsa za kubwera kwake mu 1958, za kuno sanatiuze zambiri.

Ndasamba ku leisure centre, shawa ya olumala yokhala ndi mpando, madzi otentha, ndakhalamo mpaka zala zinawongoka. Chimbudzi panjira ndimadalira kiyi wa Radar, kiyi mmodzi amatsegula zimbudzi za olumala zoposa 9,000 mdziko muno. Amakhala pakhosi panga.

Ndikutuluka, foni. Achemwali.

"Iwe, kwabwera envelopu ya bulauni."

Mtima unangoti phaa. "Tsegulani achemwali, mundijambulire."

Ndi fomu ya review ya PIP, AR1. Ndimadziwa kuti ibwera chaka chino koma ndimayesa chakumapeto. Kalata ili ndi tsiku loti ikhale itabwerera, pafupifupi mwezi, ndipo masiku ena apita kale ili mnjira.

"Ungobwerera mwana wa amayi, udzalembere kuno patebulo."

"Ayi achemwali, ndikabwerera dizilo yense wapita pachabe. Munditumizire."

Apa ndi pamene pali nkhani yonse ya moyo wa mu vani. Anthu amaganiza chovuta ndi chimbudzi kapena kuzizira. Chovuta ndi adilesi. DVLA, ofesi ya boma ya malaisensi ndi magalimoto, ikufuna adilesi pa laisensi ndi pa logbook, a inshuwalansi akufuna, banki ikufuna, obweretsa majakisoni akufuna khomo loti agogode, ndipo makalata a DWP, dipatimenti ya boma yopereka PIP ndi Universal Credit, ukapanda kuwayankha nthawi yake ndalama ikhoza kuima. Ine ndinawauza zoona, pa foni ndi mu journal ya Universal Credit, kuti ndimakhala mgalimoto ndipo kwa achemwali ndi kolandirira makalata chabe. Osanama kuti mumakhala mnyumba yomwe simukhalamo, mukhoza kusokonezanso za mwini nyumbayo, council tax yake ndi zomwe iye amalandira. Popanda achemwali ine moyo uwu sindikanautha, ndikunena poyera.

Lachisanu, Bamburgh

Mmawa ndayimba mafoni awiri. Yoyamba ku nambala ya PIP, kudikira pamzere nthawi yaitali ndithu, ndafotokoza kuti manja salemba msanga ndipo fomu ikuyenera kunditsatira, andiwonjezera masiku. Mukhoza kupempha zimenezi, bola kupempha tsiku lisanadutse. Yachiwiri ku positi ofesi kufunsa ngati amalandira Poste Restante. Ndi njira yakalekale yaulere: munthu amalemba dzina lako, mawu oti Poste Restante ndi adilesi ya positi ofesiyo, iwe nkukatenga ndi ID. Makalata a mdziko momwemo amasunga masabata awiri. Si nthambi zonse zimachita, nde yambani mwafunsa. Achemwali atumiza lero.

Northumberland ndi yabwino kwa ife chifukwa pali ma car park angapo a khansolo omwe amalola kugona usiku ukalipira, umagona mtima uli mmalo osamvetsera mapazi panja. Kumene ndapaka, nyumba yachifumu ya Bamburgh ili pamwamba pa thanthwe kutsogolo kwanga. Kumchenga sindingafike, ndodo imamira, koma ndatsegula chitseko cha mmbali ndakhala pasitepe ndi bulangeti. Mmudzimu muli kanyumba kosungira mbiri ya Grace Darling, mtsikana amene mu 1838 anapalasa bwato ndi bambo ake pa namondwe kukapulumutsa anthu a sitima yomwe inasweka ku Farne Islands. Bwato lakelo lilimo, ndi lamatabwa, losatseka pamwamba.

Pafupi nane panapaka bambo wina wa vani yobiriwira, anali wowotcherera zitsulo, mapapo anawonongeka, amayenda ndi makina a mpweya usiku. Tacheza nthawi yaitali, iye pakhomo pa vani yake ine pa yanga. Iye anakhalako ku Bristol komwe anthu mazanamazana amakhala mmagalimoto mmisewu, akuti ambiri si okonda zoyendayenda ayi, ndi lendi inawathamangitsa, ena amadzuka mmawa kupita kuntchito. Anandikumbutsanso za lamulo la 2022, Police, Crime, Sentencing and Courts Act, loti ku England ndi Wales ukakhala mgalimoto pamalo a mwini popanda chilolezo, nkunenedwa kuti ukuwononga kapena kusokoneza, ukakana kuchoka ndi mlandu: mpaka miyezi itatu kundende, faindi mpaka £2,500, ndipo galimoto akhoza kulanda. Amene lamuloli linawapweteka kwambiri ndi ma Gypsy ndi ma Traveller amene akhala moyo umenewu mibadwomibadwo, koma likutikhudza tonse. Kwa iye ndi ine kulandidwa galimoto ndi kulandidwa bedi, filiji ya mankhwala ndi makina opumira tsiku limodzi. Nchifukwa chake ine wina akangoti chokani ndimachoka, olo pakati pausiku, olo chiuno chikukana.

Loweruka, Holy Island

Mseu wopita pachilumbachi nyanja imaumiza kawiri patsiku. Pali matebulo a nthawi zowolokera poyambira mseu ndi pa intaneti, ndipo pakati pali kanyumba kamiyendo itali kothawiramo amene sanamvere. Zili ngati kwathu nthawi ya dzinja mtsinje ukadzadza, mumakhala kutsidya kudikira uphwe, palibe wokangana nawo. Ndawoloka pang'onopang'ono, mbali zonse matope onyezimira ndi mbalame, matayala akuponda madzi otsalira.

Aidan anayambitsa nyumba ya amonke pano mu 635, ma Viking anadzaiwononga mu 793. Car park ya olumala ili pafupi ndi mudzi nde ndakwanitsa kufika ku tchalitchi, ndikupuma pa khoma lililonse. Ndapemphera za fomu. Kugona mgalimoto pachilumba saloleza, nde ndabwerera madzi asanatseke.

Lamulungu

Tsiku la methotrexate. Nseru, tulo, palibe cholemba. Achemwali anandiyika pa video kutchalitchi ndamvera kwaya ndili mbulangeti.

Lolemba, Berwick-upon-Tweed

Envelopu ndaitenga. Achemwali anayikamonso kalata yomaliza ya ku rheumatology, mndandanda wa mankhwala, ndi kapaketi ka thobwa waufa, akuti usalembe ndi njala.

Ndalowa campsite yokhala ndi magetsi kuti ndilembe mofatsa. Fomuyi imafunsa chinthu chimodzichimodzi: kuphika, kudya, kumwa mankhwala, kusamba, chimbudzi, kuvala, kulankhula, kuwerenga, kucheza ndi anthu, ndalama, kukonza ulendo, kuyenda. Paliponse akufuna kudziwa chasintha nchani.

Ife a Malawi fomu imeneyi imativuta pa chifukwa chimodzi. Tinaleredwa kuti munthu akakufunsa muli bwanji umati ndili bwino kaya inu, olo uli pa mphasa. Kudandaula ndi manyazi, makamaka mzimayi. Nde umafika pa funso loti mumatha kuvala nokha, dzanja limafuna kulemba kuti eya ndimatha, poti ndithu mmawa uno ndavala. Koma lamulo lake silifunsa ngati unavala. Limafunsa ngati ungachite chinthucho mosaika moyo pachiswe, mochita bwino, mobwerezabwereza mmene chikufunikira, komanso pa nthawi yoyenera, kutanthauza osapitirira kawiri nthawi yomwe munthu wabwinobwino amatenga. Ndipo amayang'ana masiku ochuluka, oposa theka la chaka, osati tsiku lako labwino. Izi anandiphunzitsa ndi mayi wina wa ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo aulere, nthawi yoyamba ija, ndipo ndimauza aliyense.

Nde ndalemba zoona zake. Kuti sindivala chilichonse cha mabatani kapena zipi yakumbuyo. Kuti masokosi ndimavalira kachipangizo kokokera, ndipo mmawa woipa ndimakhala osavala mpaka masana. Kuti anyezi ndimagula wodula kale wa mufiriza, poto wa madzi otentha sindinyamula, ndimaphika nditakhala pampando. Kuti nsima ndimatha kuvundula ya munthu mmodzi yokha ndipo pambuyo pake dzanja limagwira moto mpaka usiku. Kuti madzi ndimagula a malita 5 chifukwa chigubu chachikulu sindingachikweze, ndipo kaseti ya chimbudzi ndimapempha wina andinyamulire. Kulemba zimenezi kumawawa, ukuwerenga wekha papepala zinthu zomwe tsiku ndi tsiku umayesetsa kusaziganizira. Ndinalira pa tsamba la kusamba. Ndalekezera pomwepo, zala zatupa ndi cholembera.

Lachiwiri, pomwepo

Tsamba la kuyenda. Apa ndafotokoza za vani mosabisa, chifukwa ndikudziwa wowerenga akhoza kuganiza ngati bambo wa ku Whitby uja. Ndalemba kuti ndimayendetsa otomatiki, ola limodzi nkupuma, kuti ndikafika malo ndimapaka pakhomo penipeni kapena sinditsika, kuti ndi ndodo ndimayenda masitepe ochepa nkuyima chifukwa cha ululu wa mchiuno, ndipo ndikakakamiza mawa lake sindidzuka. Ndapereka chitsanzo cha Lachitatu lapitali ndi deti lake. Ichi nchifukwa china chomwe ndimalembera zolembazi tsiku ndi tsiku, pa fomu sindichita kupeka, ndimangobwerera mmbuyo kuwerenga.

Mantha alipo, sindinama. Mu March 2025 boma linalengeza zofuna kusintha PIP kuti munthu azipeza mapointi osachepera 4 pa chinthu chimodzi kuti alandire daily living. Anga ndi awiriawiri omwazikana, ndikanagwa. Aphungu ambiri a chipani cholamula chomwe anakana, mu July anazichotsa mu bilu, nkunena kuti adikira kafukufuku yemwe anapatsa nduna Stephen Timms kuti atsogolere. Koma ya LCWRA ija, analengeza kuti ofunsira atsopano kuyambira April 2026 azilandira pafupifupi theka. Ngati muli ndi mbale wodwala amene wakhala akuzengereza kufunsira chifukwa cha manyazi, muuzeni apite akafunse malangizo pano.

Lachitatu

Ndamaliza. Tsamba lililonse ndalijambula pafoni, makalata achipatala ndatumiza mafotokope osati enieni, ndipo pa kauntala ndapempha proof of posting, ndi yaulere. Yankho limatha kutenga miyezi, ndalama imapitirira kubwera podikira. Akasintha molakwika pali mwezi umodzi wopempha kuti aonenso, mandatory reconsideration, kenako tribunal, khoti lomva madandaulo otere.

Ndawoloka malire masana, chikwangwani cha buluu pa A1. Jakisoni ndabaya madzulo, filiji ili pa 5.

Lachisanu, pakati pa Borders ndi Lanarkshire

Masiku awiriwa ndayenda pang'onopang'ono kudzera Kelso ndi Peebles, mapiri a nkhosa, mitengo yafiira. Usiku kwayamba kuzizira zenizeni, mmawa mawindo ali madzi okhaokha mkati, kupukuta ndi ntchito yoyamba apo ayi nkhungu imamera kuseri kwa matiresi. Alamu ya carbon monoxide ndayesa, ikulira bwino. Amene mukuganiza zogona mgalimoto ndi hita kapena gasi, chimenechi gulani musanagule china chilichonse.

Zingapo za Scotland. Anthu amamva zoti kuno munthu ali ndi ufulu woyenda ndi kumanga tenti paliponse, lamulo la 2003 lija, koma silikhudza magalimoto, vani imafunabe chilolezo cha mwini malo. Glasgow ndi Edinburgh kuli Low Emission Zone, kumeneko sulipira kuti ulowe, galimoto yakale ikalowa ndi faindi ya £60, koma a Blue Badge amatichotsera ukalembetsa nambala ya galimoto usanalowe. Ndalembetsa dzulo. Ndipo kuno PIP kulibe kwa okhala konkuno, ali ndi yawo, Adult Disability Payment, ya Social Security Scotland. Ine ndi mlendo chabe, dokotala wanga ndi adilesi zili ku England, nde palibe chosintha. Ndikanati ndasamukira kuno ndikanayenera kuwauza nkufunsira yakunoyo. Chimodzimodzi kunja kwa dziko: PIP imapitirira mpaka masabata 13, koma Universal Credit mwezi umodzi basi, nchifukwa chake kumudzi ndikapita sindikhalitsa, amayi amadandaula koma ndi mmene zilili.

Loweruka, Blantyre

Ine wobadwira ku Queens, wokulira ku Ndirande, lero ndaima pa chikwangwani cholembedwa Blantyre ndili ndi jekete ziwiri. Ndajambula ndatumiza pa gulu la banja, foni sinasiye kulira mpaka pano.

Ndi katauni wamba mmbali mwa mtsinje wa Clyde. David Livingstone anabadwira kuno pa 19 March 1813, mnyumba yoyera yotchedwa Shuttle Row momwe munkakhala mabanja a ogwira ntchito pa fakitale ya thonje, banja lonse chipinda chimodzi, mabedi olowa mkhoma. Anayamba ntchito pa fakitale ali ndi zaka 10, kuyambira 6 mmawa mpaka 8 usiku, kenako sukulu. Mishoni ya ku Blantyre kwathu inayamba mu 1876, iye atamwalira kale mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia, nkuitcha dzina la kwawo kuno.

Malowa, omwe pano ndi osungira mbiri yake, anawakonzanso nkutsegula mu 2021, ndipo chomwe ndakonda nchoti sakumuonetsa ngati anayenda yekha. Susi ndi Chuma alimo ndi mayina awo, anthu amene ananyamula mtembo wake miyezi yambiri mpaka kunyanja ya mchere, ndi mkazi wake Mary amene anamwalira ku Shupanga mmbali mwa Zambezi. Ogwira ntchito atamva kuti ndine wa ku Blantyre inayo anandibweretsera mpando, mayi wina wodzipereka anakhala nane akundifunsa za Ndirande ndi Soche, akuti tchalitchi chawo chili paubale ndi mpingo wina wa CCAP.

Panja pali chiboliboli chachikulu cha mkango ukumugwetsa. Zinachitika ku Mabotsa mu 1844, mkango unamuphwanya fupa la mkono wamanzere ndipo silinalumikizane bwino moyo wake wonse, moti mtembo utafika ku England anauzindikira ndi fupa lomwelo. Nyanja yathu anaifika mu 1859, zaka 15 ali ndi mkono wosakwera bwino. Kusukulu za mkango anatiuza, koma zoti maulendo onse aja anayenda ali wolumala mkono palibe anazitchula choncho. Ndakhala pabenchi moyang'anana ndi chibolibolicho mpaka kuzizira kunandilowa mmawondo.

Usiku uno ndagona pa famu ina kunja kwa tauni, £10 ndi magetsi. Banja lina la a Malawi a ku Glasgow aona chithunzi chija andiyitana mawa ku nkhomaliro, akuti kuli chambo chochokera kumudzi ndipo nyumba yawo ndi yapansi, ndipaka pakhomo. Ndawapempha kuti ndichapeko zovala ndi kudzadza mabotolo amadzi. Lolemba ndiona thupi mmene lilili, likalola ndikwera A82 kulowera ku Loch Lomond, likakana ndikhala pa famu pompano.